Ndinayesera pa Nkhuku

Wokondedwa mwana wanga Andireya,

Kalata iyi ndikupatsa mawa sitima ikamanyamuka pa Utale, ndipo uiwerenge yonse usanatsike pa Balaka. Usaisunge kuti ukaiwerengere ku Zomba, iyayi. Ndikuilembera kumunda wa thonje, dzuwa lili paliwombo, amayi ako akuganiza kuti ndikupalira. Ukaona zilembo zikupendama usaseke, bondo si tebulo.

Ukupita kukaphunzira za chipatala, ndipo malangizo mudzi wonse wakupatsa kale. Atsibweni ako akuuza za mowa, akatekisiti akuuza za akazi a m'tauni, amayi ako akuuza kuti usamagone ndi njala. Zonsezo ndi zabwino, uzitsate. Zanga ndi zina, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati ndi malangizo kapena ndi funso. Ndi za imfa ya mlongo wako Rozina. Zimene unauzidwa uli mwana si zimene zinachitika, ndipo wodziwa zenizeni ndine ndekha. Zaka zisanu ndi zinayi zakhala pakhosi panga ngati munga wa nsomba. Ukamaliza kuwerenga mwina sudzafunanso kutchedwa mwana wanga. Ndikuopa kwambiri, komabe ndilemba.

Ndiyambe ndi kumene kupusa kwanga kunabadwira. Iwe ukukwawa, nkhondo yaikulu ija isanayambe, ndinagwira ntchito zaka zitatu ku Zomba komweko, kwa dokotala wina wachizungu. Kuno ndinkauza anthu kuti ndinali wothandiza dokotala. Bodza lenileni, ndinali wosesa makola. Kuseri kwa nyumba yake yoyezeramo magazi kunali mbira ndi makoswe oyera m'timabokosi ta waya, ndipo ntchito yanga inali kuzimwetera udzu, kuchotsa ndowe, ndi kuzigwira bwanayo akamazibaya jakisoni. Tinkamutcha Kachipewa chifukwa chipewa sankavula ngakhale m'nyumba. Mankhwala atsopano akafika, sankathamangira kupatsa munthu, ankayamba ndi mbira. Zikafa, botolo lija ankalikankhira kutali. Zikakhala moyo, ankagwedeza mutu n'kulemba m'buku. Ine nditaona zimenezo ndinati mumtima, basi, nzeru yonse ya azungu ndaigwira: yesera pa chiweto, chikapulumuka mpatse munthu. Sindinafunse chifukwa chake mbira iliyonse ankayamba waiika pa sikelo, chifukwa chake ankabaya khumi m'malo mwa imodzi, kapena chifukwa chake zina ankazing'amba zili zonenepa bwinobwino kuti aone chiwindi. Ndinkayesa kuti ndi kuchedwetsa ntchito kwa munthu wolandira pamwezi.

Panali mkulu wina wotsuka mabotolo, Myao wa ku Ngokwe, dzina lake Che Bwanali. Tsiku lina tikudya chimanga chokazinga anandiuza kuti, “Achimwene Simoni, mbirazi ngakhale bwana mwini wake sazikhulupirira mpaka pamtima. Mwaona mankhwala a chifuwa aja? Makoswe onse anachira, koma pitani m'wodi mukamve, anthu akukhosomolabe.” Ine ndinayankha kuti mwina anthuwo sakumeza bwino. Che Bwanali anangoseka n'kubwerera ku mabotolo awo. Andireya, usaiwale: aphunzitsi ako akamachita chinthu, usatole chokhacho chimene maso aona. Funsa, ngakhale anzako akuseke kuti ndiwe wakumudzi. Ine ndinachita manyazi kufunsa, n'kuchoka ku Zomba ndi theka la nzeru ndikuyesa kuti ndi yathunthu.

Nditabwerera kuno kuchikamwini ndinafika ndi kabudula wa khaki, supuni yachitsulo ndi matama. Pasanapite nthawi kunadutsa munthu wogulitsa ufa wofiira, akuti wa nyamakazi, ndipo agogo ena apafupi nafe anagula. Ine ndinati taimani, tiyambe tapatsa nkhuku. Ndinaitsegula kukamwa, n'kuthira ndi supuni yanga ija, ndipo dzuwa lisanalowe nkhuku inali itatambalala miyendo. Mbiri inafika mpaka ku Phalula. Anthu anayamba kubwera, dzanja lina muzu, dzanja lina nkhuku, kuti ndiwayesere. Nkhuku zopulumuka ankandisiyira, moti khola langa linadzaza. Anandipatsa dzina loti Dokotala wa Nkhuku, ena mondilemekeza, ena mondinyogodola, koma makutu anga ankangomva ulemu wokhawokha. Chenjera nacho chinthu chimene chakuyendera bwino koyamba, mwana wanga. Nkhuku imodzi ija inandiuza zoona, ndipo ine ndinalumbira kuti nkhuku zonse zidzatero mpaka kalekale.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankandiopa: a Felesita, mng'ono wawo wa amayi ako, amene iwe unkawatcha amayi aang'ono. Dzina limeneli m'nyumba mwathu silitchulidwa, koma lero ndilitchula. Tsiku lina azimayi akusinja pamtondo, a Felesita anatapa tsabola wa kambuzi n'kuwaza pabwalo. Nkhuku zinajompha yense, osatsala ndi kamodzi komwe. Ndiye anandiitana: “Alamu, tabwerani kuno. Mwaona? Zadya, sizinalire. Tsono tapani inuyo dzanja lodzaza mutafune, si mumati chimene nkhuku yapulumuka n'chabwino?” Azimayi aja anaseka mpaka kutsamira misi. A Felesita sanalekere pomwepo. “Mbuzi imadya nkhadze, koma utomoni wake ukugwereni m'diso muone. Katupe amapha nsomba, ife n'kudya nsombazo osafa. Nanga inu ndinu nkhuku, mbuzi kapena nsomba?” Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, “Kodi inu a Felesita, ku Zomba munafikako?” Yankho langa lonse linali limenelo, ndipo ndinachoka ndikudzimva kuti ndapambana. Usaiwale, Andireya, wokuseka nthawi zina ndiye akukuphunzitsa, ngakhale asadziwe kulemba dzina lake.

Tsopano ndafika pa nkhani yeniyeni. Rozina anali ndi zaka zinayi. Mimba inatupa, tsitsi linafiira, ndipo tinaona njoka zam'mimba m'chimbudzi chake. Amayi ako anafuna kupita naye kwa asisitere. Ine ndinati dikirani. Ndinaona ngati n'chipongwe kuti mwana wa Dokotala wa Nkhuku akaime pamzere pamodzi ndi ana a anthu wamba. Ku Zomba ndinkaona ana akumwetsedwa supuni ya mafuta a nsatsi a m'botolo kuti m'mimba mutsukike, ndipo nsatsi kuno zimangomera zokha kudzala. Ndinaganiza kuti ngati mafuta amatsuka, njere imene imabala mafutawo iyenera kutsuka koposa. Amayi ako, ngati mayi aliyense wa m'mudzi muno, amadziwa kuti nsatsi ndi zodzola, si zodya. N'chifukwa chake sindinawauze, ndinkadziwa kuti akana. Ndinasinja njere mobisa, n'kudyetsa thadzi lathu lamawangamawanga. Ndinadikira tsiku lathunthu. M'mawa mwake thadzi linali likupalasa kudzala, ndipo linaikira dzira. Linaikira dzira, Andireya! Ndinalitola dziralo lili lofunda, mtima uli mbee, n'kunena kuti umboni ndi umenewu.

Mawa lake amayi ako anapita kumaliro ku Phalula, kokagona masiku awiri, ndipo wotiphikira anali a Felesita. Iwe unali kusukulu. A Felesita ataphika phala n'kupita kudambo kukatunga madzi, ine ndinathira nsatsi zija m'mbale ya Rozina n'kutakasa. Atalawa anakwinya nkhope, n'kunena kuti, “Ababa, phala likuwawa.” Ine ndinati, “Idya mama, uchire.” Anadya lonse chifukwa amene ananena ndi bambo wake. Pofika madzulo anayamba kusanza. Tsiku lotsatira anatsegula m'mimba, mpaka magazi. Amayi ako atabwera anamubereka kuthamangira kwa asisitere, ine ndikutsatira pambuyo ndi nsalu, koma mwana anatsirizikira kumsana tisanafike. Akulu amati safunsa anadya phula, koma ine phulalo sindinadye ndekha, ndinadyetsa mwana wanga. Iwe tinakuuza kuti usalire kwambiri, Rozina wapita kwa angelo.

Kodi zinali nsatsi? Apa ndiye pamene mutu wanga umazungulira mpaka lero. Mwana anali akudwala kale. Chaka chomwecho ana ena m'mudzi muno anapita ndi kutsegula m'mimba, osadya nsatsi. Tsiku lina ndimadzuka n'kuti anali matenda, Simoni, usadziphe ndi maganizo. Tsiku lina ndimamva mawu aja, phala likuwawa, n'kudziwa kuti ndine. Nanga ngati zinali zakupha, thadzi linapulumuka bwanji? Linakhala zaka zina ziwiri likuyendayenda pabwalo, likuswa anapiye, ine ndikuliyang'ana ngati mboni yonama. Ndinalephera kulipha, ndinalepheranso kudya mazira ake.

Cholakwa changa chachikulu sichinali chimenecho. Maliro atatha, atsibweni ako monga mwinimbumba anati mwana safa chonchi, pali dzanja la munthu. Anafunsa amene anaphika phala. Aliyense anayang'ana a Felesita. Iwo analibe mwana, amuna awo anali atalowerera ku Halale, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa, moti owada analipo kale. Mobisa kwa ansembe ndi kwa aboma, anaitana munthu wa mwavi wochokera kutsidya kwa Shire. Popeza kumwetsa anthu n'koletsedwa, mwavi amamwetsa nkhuku, iliyonse kuimira mwini wake. Ikasanza, mwiniyo alibe mlandu. Ikafa, ndiye mfiti. Tinakumana kuthengo ndi nkhuku zitatu, ya amayi ako, yanga ndi ya a Felesita, ndipo wozigwira anasankha ine, poti ndine ndinazolowera. Ya amayi ako inasanza. Yanga inasanza. Ya a Felesita inazungulira kawiri n'kugwa. Ndili chigwirire ndinaona chinthu: yanga inali tambala wamkulu wa m'khola langa lodzaza lija, pamene yawo inali kamsoti kowonda, kokhako kamene anali nako, koma muyeso wa mwavi unali umodzimodzi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira ntchito ya sikelo ya Kachipewa, zaka zonsezo zitapita.

Atsibweni ako anatembenukira kwa ine. “Alamu, inu izi mumazidziwa, munakhala ndi azungu. Tatiuzani pamaso pa onse, kodi nkhuku imanama?” Andireya, ndikanati inde imanama, akanafunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo nkhani ya nsatsi ikanatuluka. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Mudzi si wanga, munda si wanga, ngakhale iwe amene mwa mwambo ndiwe wa atsibweni ako. Akanandipirikitsa tsiku lomwelo ndi mkeka wanga kumutu. Ndiye ndinati, “Iyayi, nkhuku sinama.” A Felesita sanalire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Chabwino, adokotala.” Sabata isanathe nyumba yawo inagwetsedwa, iwo n'kuchoka ndi kamtolo kamodzi. Amayi ako anataya mwana ndi mng'ono wawo mwezi umodzi, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti mng'ono wawoyo ndiye anawadyera mwana. Iwe tinakulamula kuti ukadzawaona usadzawapatse moni kapena kulandira chakudya m'manja mwawo, ndipo lamulolo linatuluka pakamwa panga.

Kuyambira pamenepo ndinataya supuni ija m'chimbudzi, n'kulumbira kuti chiweto sindidzachikhulupiriranso. Akanakhala mathero amenewo bwenzi ndili ndi langizo lokongola lokupatsa. Koma ukukumbukira chaka cha njala yaikulu ija, pamene tinkakumba mizu kuphiri. Tsiku lina ndinabwera ndi mizu yofanana ndi mpama, yonenepa bwino, inu ana mutagona pakhonde osatha kuima. Amayi ako ataiphika anati, “Bambo a Andireya, yambani mwapatsa galu, si ndiyo ntchito yanu?” Ine ndinakana mwaukali, ndinati zimenezo n'zachibwana, pakulani ana adye. Iwo anadabwa, koma sanandimvere. Anaponyera galu wathu Tilekeni chidutswa, n'kukhala pa mphika kuti wina asaukhudze. Dzuwa likupendeka galu anayamba kunjenjemera, thovu kukamwa, n'kufa tikuona. Ndikanapambana mkangano umenewo, bwenzi lero palibe wopita ku Zomba. Taona tsono: pamene ndinakhulupirira chiweto ndinapha, pamene ndinachikana ndinatsala pang'ono kupha nonse. Ndiye munthu agwire pati?

Chaka chatha ndinakumana ndi Che Bwanali ku msika wa thonje ku Balaka, atakalamba, mano atatha. Ndinawafunsa za ku Zomba, ndipo anandiuza chinthu chimene chinandimaliza. Jakisoni watsopano uja amati penisilini, yemwe anaumitsa chilonda cha pamwendo cha amayi ako patatha zaka chikununkha, akuti mbira ukaibaya imafa. “Walahi, achimwene, ndaona ndi maso angawa. Makoswe amachira, anthu amachira, koma mbira masiku ochepa basi, yauma.” Ndinafunsa kuti, nanga akanayesera pa mbira zokha? Iwo anati, “Bwenzi botolo atalikankhira kutali, ngati mmene ankachitira Kachipewa.” Ndinabwerera kunyumba wapansi ndikuyankhula ndekha ngati wamisala. Ndinali nditayamba kudzitonthoza kuti mwina lamulo ndi ili: chiweto chikapulumuka usakhulupirire msanga, koma chikafa thawa. Tsopano ngakhale limenelo linathyoka mwendo.

Ndiye ndikulangize chiyani, mwana wanga? Anzako atenga malangizo kwa makolo odziwa zinthu, iwe ukutenga kwa munthu wosokonezeka. Ukakafika, tsiku lina aphunzitsi ako akadzanyamula botolo n'kunena kuti awa ndi abwino, anayesedwa pa nyama, udzaimike dzanja m'malo mwanga. Udzafunse kuti nyama yanji, zingati, zolemera bwanji, anadikira masiku angati, ndipo munthu woyamba kumwa zinamuthera bwanji. Sindikunena kuti kuyesera pa nyama n'kopanda pake, iyayi, galu uja anatifera ife. Sindikunenanso kuti n'kokwanira. Chimene ndikuona n'chakuti chiweto chimayankha za thupi lake, ndipo ife timamva ngati chayankha za thupi lathu. Nthawi zina matupiwo amagwirizana, nthawi zina ayi, ndipo podziwira pake ine sindipadziwa. Mwina azungu amapadziwa. Mwina nawonso amangoyerekeza, kungoti iwo amalemba m'buku. Ukadzapeza yankho udzandiuze, ngakhale litakhala londipweteka.

Pali ziwiri zokha zimene ndikuzidziwa popanda kukayika, ndipo usaziiwale. Wodwala akadzakuuza kuti mankhwala akumupweteka, ima, umumvere, ngakhale buku litanena kuti sapweteka, ngakhale wodwalayo atakhala kamwana ka zaka zinayi. Ndipo ukadzalakwitsa, pakuti udzalakwitsa ndithu, unene tsiku lomwelo, katundu wako asanamusenze wina. Ine ndinati ndinena mawa. Kwa ansembe ndinaulula za mowa, za mkwiyo, za kujomba Misa, koma izi ndinkazisiya pakhomo la tchalitchi n'kuzitolanso potuluka.

Sitima ikaima pa Balaka udzakhala ndi nthawi lole ya ku Zomba isanabwere. Kumapeto kwa siteshoni, pafupi ndi thanki ya madzi, pamakhala mayi wogulitsa mbatata yootcha, wamtali, wa mpata kumano ngati amayi ako. Anakwatiwa ndi telala wina wachisilamu, ndipo kumeneko amawadziwa ndi dzina lina, koma ndi a Felesita. Ine ndawaona kangapo, ndipo nthawi zonse ndimazungulira kuseri kwa ngolo za thonje. Iwe usazungulire. Ukagwade, uwapatse moni wa mwana kwa mayi wake, unene kuti ndiwe Andireya wa achemwali awo. Akakupatsa mbatata, landira ndi manja awiri, udye pamaso pawo. Kenako uwawerengere kalatayi kuyambira pa thadzi mpaka pa mwavi, osadumpha mawu ndi amodzi omwe pofuna kunditeteza. Akatukwana, usawaletse. Akafunsa chifukwa chake sindinabwere ndekha, uwauze zoona, kuti alamu awo ndi munthu wamantha, ndipo atuma mwana.

Koma kwa amayi ako sindituma munthu. Pamene iwe ukuwerenga mawu ano, ife tili panjira yobwerera kumudzi, iwo patsogolo akupukuta misozi ya iwe, ine pambuyo. Ndatsimikiza kuti tisanawoloke mtsinje wa Rivirivi ndiwaimika, ndiwauze zonse. Chimene adzachite sindikuchidziwa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndadya za m'manja mwawo, ndipo zisanu ndi zinayi mwa zimenezo akhala akuphikira munthu amene anawalanda mwana ndi m'bale. Atsibweni ako adzamva dzuwa lisanalowe.

Phunzira mwakhama, uzipemphera, uzivala juzi chifukwa ku Zomba kumazizira. Ngati udzandikhululukire, usafulumire, yamba waganiza bwino. Kalata yako yoyamba ulembere amayi ako, ndipo udzaike dzina lawo pa envulopu, osati langa monga tinapangana. Ine sindikudziwa mudzi umene idzandipeze.

Ndine bambo wako,
Simoni